Vani ikamafooka pachitunda: vuto lili mu injini kapena m'chigubu?

Aliyense amene amayenda pamsewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe mpaka paboma la Thyolo akuidziwa galimoto yamtunduwu. Pamalo osalala imathamanga ngati ina iliyonse, koma ikangoyamba kukwera chitunda imayamba kubuula. Dalaivala amatsitsa giya kuchoka pa 4 mpaka pa 2, phazi lili pansi ndithu, koma galimoto ikungokwawa uku kumbuyo kukufuka utsi wakuda bii.

Madalaivala amangoti "sikukoka" kapena "yatha mphamvu". Matendawa ndi akale ngati injini ya dizilo yomweyo, koma m'zaka zaposachedwapa asanduka mtolo wolemera kwa eni mavani, maminibasi ndi malole aang'ono. Chifukwa chake sichili m'galaja mokha ayi. Chikukhudzana ndi kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja komanso kusintha kwa mainjini amene tikuitanitsa kunja.

Kumene nthawi ndi ndalama

Thyolo pamodzi ndi Mulanje ndiwo maboma amene amatulutsa pafupifupi tiyi yense wa dziko lino, kupatula wochepa wa ku Nkhata Bay. Maesiteti monga Satemwa, yomwe idayamba m'chaka cha 1923, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba akhala akudyetsa mabanja kwa mibadwo ingapo. M'nyengo yothyola, ulimi wa tiyi umalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000, ndipo pambali pa maesiteti pali alimi ang'onoang'ono masauzande amene amagulitsa masamba awo kumafakitale omwewo.

Tsamba la tiyi silidikira munthu. Likathyoledwa limayenera kufika kufakitale m'maola ochepa. Likakhalitsa litapanikizana m'matumba kapena m'ngolo limatentha, n'kuyamba kufiira, ndipo tiyi wotuluka pamenepo amakhala wotsika. Fakitale ikhoza kulikana, kutanthauza kuti thukuta la mlimi la tsiku lonse lapita pachabe.

Choipa n'chakuti gawo lalikulu la tiyi limathyoledwa m'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka cha mu April, pamene misewu yafumbi ya m'minda imasanduka matope. Ndiyo nthawi imene galimoto imafunika mphamvu zake zonse.

Maesiteti akuluakulu ali ndi mathirakitala, malole ndi magalaja awoawo. Koma moyo wozungulira minda ya tiyi umayenda pa timagalimoto ta anthu wamba: vani yonyamula katundu wa m'magolosale a ku Makwasa ndi Thekerani, pikapu yotenga kabichi ndi tomato pa Bvumbwe kupita ku Limbe, minibasi yonyamula antchito pakutha pa mwezi. Mwini galimoto yotere kawirikawiri amakhala nayo imodzi yokha. Ikagona pagalaja, banja lonse lagona ndi njala.

Zimene injini imafuna

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imakoka mpweya n'kuufinya kwambiri mpaka utenthe, kenako manozo amapopera dizilo mumpweya wotenthawo ndipo amayaka yekha. Choncho kuti igwire ntchito bwino imafuna mpweya wokwanira, dizilo woyera wofika pamlingo ndi panthawi yake, kufinya kwamphamvu, komanso njira yotseguka yotulutsira utsi. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, mphamvu imatsika.

Ku Thyolo malo enieniwo amaonjezera vuto. Minda yambiri ya tiyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchoka pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mukamakwera mpweya umapepuka. Akatswiri a mainjini amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya magawo pafupifupi atatu pa 100 aliwonse a mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse amene yakwera. Ndiye kuti vani yakale ikamayenda m'mapiri a Thyolo imakhala itataya kale gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake, ngakhale ili bwinobwino.

N'chifukwa chake vuto laling'ono limene silingaoneke ku Nchalo kapena ku Bangula, kuchigwa cha Shire, limaonekera msanga pazitunda za kuno. Chitunda sichiononga injini, chimangoulula zimene injiniyo yakhala ikubisa.

Utsi ndi mboni yoyamba

Makaniko wodziwa ntchito asanagwire sipanala amayamba wafunsa mafunso ndi kuyang'ana kumbuyo kwa galimoto. Kodi mphamvu idatha mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Kodi vuto lidayamba mutangothira mafuta? Mudawathira kuti? Nanga utsi ukutuluka wamtundu wanji?

Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Nthawi zambiri wolakwa amakhala fyuluta ya mpweya yomwe yatsekeka ndi fumbi, makamaka m'miyezi ya August mpaka November pamene misewu ya m'minda imakhala fumbi lokhalokha. Pa galimoto ya turbo, chifukwa china chimakhala paipi ya mpweya yong'ambika kapena yomasuka, ndipo dalaivala amamva kaphokoso kofwenkha akaponda kwambiri. Manozo otha, amene amadontheza dizilo m'malo moupopera ngati nkhungu, nawonso amabweretsa utsi wakuda.

Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha oyilo, umatanthauza kuti injini ikutentha oyilo. Apa vuto limakhala pa maring'i a mapisitoni kapena turbo yomwe yayamba kudontha. Utsi woyera umene sutha ngakhale injini itatentha umasonyeza dizilo wosapsa bwino, taiming'i yosokonekera, kapena madzi a m'redieta amene akulowa mu injini chifukwa gasiketi yapsa.

Koma pali galimoto ina imene imafooka popanda utsi uliwonse wachilendo. Imalira bwino ili chiimire, imayenda bwino pang'onopang'ono, koma pachitunda imatsamwa ndi kudukiza. Imeneyi ikufa ndi njala: dizilo sakufika wokwanira. Fyuluta ya mafuta yatsekeka, kasefa ka m'thanki kadzaza zinyalala, kapena mpweya ukulowa m'mapaipi a mafuta. Apa m'pamene nkhani ya injini imakumana ndi nkhani ya chuma cha dziko.

Dizilo wa m'mbali mwa msewu

Malawi alibe doko. Mafuta ambiri amadzera ku Beira ndi Nacala m'dziko la Mozambique kapena ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Madola akasowa, mafuta nawo amasowa.

Ambiri akukumbukira chaka cha 2011 pamene magalimoto ankagona masiku pamalo omwetsera mafuta, ndipo kusowa kwa mafuta kudali limodzi mwa madandaulo a zionetsero za pa 20 July chaka chimenecho, zomwe zidaphetsa anthu 20. Mizere idabweranso mu 2022, 2023, kumapeto kwa 2024 ndi mu 2025.

Mtengo nawo sudaime. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 aliwonse mu May 2022, ndipo mu November 2023 idagwetsedwanso ndi magawo 44, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Mwezi womwewo bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA lidakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo mu October 2025 adafika pa K3,500.

Pampu ikauma, msika wina umatseguka pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Dalaivala amene wanyamula tomato woti akawola mawa sangadikire pamzere masiku awiri. Amagula wa m'chigubu, pamtengo wokwera, osadziwa kumene wachokera. Lamulo limaletsa kugulitsa mafuta popanda chiphaso, ndipo MERA yakhala ikuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, koma njala ya mafuta ikavuta malondawa amayenda masanasana.

Dizilo wotere amakhala ndi adani atatu. Woyamba ndi zinyalala. Chigubu chimene dzulo chidasunga mafuta ophikira kapena madzi, paipi yopopera imene imagona pansi, fanulo yopanda sefa, zonsezi zimalowetsa fumbi ndi mchenga m'thanki.

Wachiwiri ndi madzi. Ena amalowa chifukwa cha mvula kapena chinyontho cha m'migolo, ena amathiridwa dala. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi pa thanki, pomwe amachititsa dzimbiri ndi kumeretsa ndere zakuda zimene zimatseka fyuluta.

Wachitatu, woopsa kwambiri chifukwa saoneka ndi maso, ndi palafini. Ogulitsa osakhulupirika amamusakaniza ndi dizilo kuti achuluke. Galimoto imalira ndithu n'kuyenda, koma palafini alibe kuterera kumene dizilo ali nako. Pampu ya dizilo ndi manozo zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane. Zikamayenda ndi palafini zimadyeka mwakachetechete, ndipo patapita masabata mwini wake amangodabwa galimoto ikuvuta kulira m'mawa komanso ikulephera chitunda chimene inkakwera mosavuta.

Kusowa kwa mafuta kudabweretsanso chizolowezi china: kuyenda mpaka thanki itatsala pang'ono kuuma. Pamenepo pampu imakoka matope onse a pansi pa thanki, ndipo pachitunda kapena pokhota dizilo wotsalayo akapendekera mbali imodzi, imakoka mpweya. Thanki yokhala nthawi zonse yopanda kanthu imachitanso thukuta m'kati usiku kukazizira, monga kumachitira ku Thyolo m'nyengo ya chiperoni, ndipo thukutalo ndi madzi omwe aja.

Injini zasintha, zida sizidasinthe

Mavani akale amene adadzaza misewu yathu, monga Toyota Hiace za injini ya 3L ndi 5L kapena Nissan Caravan za TD27, adali opirira. Pampu yake idali yamakina chabe, ndipo ngakhale dizilo akhale wokayikitsa inkalimbikira ndithu. Makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuimvetsera ndi khutu n'kudziwa matenda ake.

Koma kuyambira 2004, pamene Toyota idatulutsa Hiace ya mtundu watsopano yokhala ndi injini ya 2KD, mavani ambiri obwera kuchokera ku Japan ndi ku UK ndi a mtundu wa common rail, woyendetsedwa ndi kompyuta. Injinizi zimakoka kwambiri ndipo zimamwa mafuta pang'ono, koma n'zosankha chakudya. Dizilo amafinyidwa kufika pa ma bar 1,500 kapena kuposa, pomwe tayala la vani yomweyo limapopedwa ma bar atatu kapena anayi okha. Timabowo ta manozo ake n'tating'ono ngati kunenepa kwa tsitsi la m'mutu. Kamchenga kamene injini yakale ikadameza osamva kanthu, kwa yatsopanoyi ndi mwala.

Injinizi zilinso ndi ziwalo zina. Pali valavu ya EGR, yomwe imabwezera utsi wina mu injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa. Ikadzaza mwaye imakanirira ndipo galimoto imafooka. Mavani ena ali ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha ikatentha kufika pa madigiri pafupifupi 600. Kutentha kotere kumafuna ulendo wautali wothamanga ndithu. Vani imene imangoyenda maulendo afupiafupi m'timisewu ta m'minda, kuima apa ndi apo, siipatsa sefayo mpata, ndipo imatsekeka ngati chumuni cha khitchini.

Chinanso chimene madalaivala ambiri sachidziwa n'chakuti kompyuta ikaona cholakwika, monga kuchepa kwa mphamvu ya dizilo m'mapaipi kapena sensa yonama, imachepetsa dala mphamvu ya injini pofuna kuiteteza. Galimoto imakana kupitirira liwiro linalake ndipo kagetsi kachikasu kamayaka padashibodi. Mukaizimitsa n'kuilizanso imayenda bwino kwa kanthawi, kenako n'kubwereza. Ena amamata kagetsiko ndi tepi kapena kuchotsa babu lake, ngati munthu wothyola themomita poganiza kuti malungo atha.

Chimene kompyuta yaona imachisunga, ndipo kamakina kounikira kakalumikizidwa pansi pa chiwongolero kamawerenga zonse m'mphindi zochepa. Koma makina amenewa, ndi anthu odziwa kumasulira zimene akunena, amapezeka kwambiri ku Limbe ndi ku Blantyre. Amakaniko ambiri a pa Luchenza, Goliati kapena Thekerani adaphunzira ntchito pa injini zakale, ndipo zida zawo ndi zomwe zija.

Kulota kumadula

Pamene palibe choyezera, ntchito imayenda molota. Lero asintha manozo, vuto likadalipo. Mawa atsegula pampu. Mkuja akuti turbo yafa. Pamapeto pake n'kupezeka kuti vuto lidali kapaipi kalabala kong'ambika kapena fyuluta yodzaza matope.

Kale kulota kotere kunkapweteka pang'ono chabe. Lero masipeya onse amagulidwa ndi madola amene akusowa, ndipo ogulitsa ambiri amaika mitengo potengera dola ya pamsika wamseri, yomwe mu 2025 idakwera kuposa kawiri mtengo wa kubanki. Manozo anayi a injini ya common rail amadya ndalama zimene mwini vani sangapeze ngakhale atayenda miyezi ingapo. Safunsa adadya phula.

Kukwera mtengo kwa masipeya kwabalanso matenda ena. Eni magalimoto amatalikitsa nthawi ya sevisi. Fyuluta ya mpweya amangoigwedeza kapena kuipopa ndi mpweya mpaka pepala lake litabooka, fumbi n'kumalowa mu injini n'kumadya maring'i. Fyuluta ya mafuta ena amaitsuka ndi petulo n'kuibwezera. M'mashopu namo mwadzaza mafyuluta otsika mtengo, a bokosi lokongola ngati enieni, koma osefa mosakwanira. Ndalama imene yapulumutsidwa pa fyuluta imakatuluka kakhumi pa pampu.

Yambani ndi chotsika mtengo

Lamulo la amakaniko odziwa ntchito n'losavuta: yambani ndi chapafupi ndi chotsika mtengo, kenako muzilowa m'kati.

Choyamba n'kutsimikiza kuti vuto lilidi mu injini. Ngati pachitunda injini ikukuwa kwambiri koma liwiro silikukwera, ndipo mukumva fungo la chinthu chopserera, ndiye kuti klatchi ikuterereka. Ngati mutayenda kamtunda limu imodzi yatentha kuposa zinzake, mabuleki akugwira. Matayala ofewa ndi katundu wopyola muyeso nazonso zimaoneka ngati kufooka kwa injini. Vani yopangidwira tani imodzi ikasenza matani awiri, palibe makaniko angaichiritse.

Chachiwiri ndi mpweya. Tsegulani bokosi la fyuluta muione. Tsatirani mapaipi onse a turbo, kufunafuna pong'ambika kapena ponyowa oyilo.

Chachitatu ndi dizilo. Pansi pa fyuluta ya mafuta ya mavani ambiri pali kokhetsera madzi. Khetserani m'botolo loonekera m'kati n'kulisiya kwa kanthawi. Ngati muli madzi adzakhala pansi, dizilo pamwamba, ndipo zinyalala zidzaonekera. Njira yomweyi ingathandize musanathire dizilo amene mukumukayikira, ngakhale siingaulule palafini. Ngati mwapeza madzi kapena matope ambiri, kusintha fyuluta kokha sikukwanira. Thanki itsitsidwe n'kutsukidwa.

Chachinayi, ngati galimoto ndi ya kompyuta, ipite pamakina ounikira chiwalo chilichonse chodula chisanagulidwe. Komabe dziwani kuti makinawo amangoloza dera limene kuli vuto. Akanena kuti dizilo akufika mofooka, sizitanthauza kuti pampu yafa, ikhoza kukhala fyuluta yomwe ija.

Pampu, manozo, turbo ndi kufinya kwa injini zibwere pomalizira, ndipo ziyezedwe, osati kulotedwa. Manozo amayezedwa pabenchi, kufinya kumayezedwa ndi geji. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makaniko kuti wayeza chiyani, komanso kuitanitsa chiwalo chakale chimene chachotsedwa. Chenjezo kwa amakaniko: pa injini ya common rail musamasule paipi ya nozo injini ikulira, monga munkachitira pa zakale. Dizilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Si za dalaivala yekha

Galimoto yofooka si vuto la mwini wake yekha. Ikazima pakati pa chitunda, mabuleki ake amalimba chifukwa chothandizira mabuleki chimadalira injini, ndipo ikhoza kubwerera m'mbuyo ndi anthu. Ikamakwawa pamsewu wokhotakhota ngati wa ku Thyolo, oitsatira amatopa n'kuyamba kupitirira pamalo osaona kutsogolo. Imamwanso dizilo wambiri kuti igwire ntchito yochepa, m'dziko limene lita iliyonse idagulidwa ndi dola yosowa.

Choncho pali ntchito ya ambiri. MERA ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woonetsetsa kuti mafuta ndi masipeya ofika kwa anthu ndi oyenera, osati m'mizinda mokha komanso m'misika ya kumidzi. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi makoleji monga Soche Technical ku Limbe, angathandize ndi maphunziro afupiafupi a injini za kompyuta kwa amakaniko amene ali kale pantchito. Amakaniko a pamsika umodzi angasonkherane kugula makina ounikira amodzi. Maesiteti a tiyi nawo, omwe magalaja awo ali ndi amisiri odziwa, angapindule potsegula makomo kwa achinyamata ophunzira ntchito ochokera m'midzi yowazungulira.

Koma muzu wa nkhaniyi uli pa pampu yomwetsera mafuta. Apolisi akhoza kulanda zigubu lero, mawa zidzabweranso ngati pamalo ovomerezeka palibe dizilo. Mpaka dziko lidzakhale ndi ndalama zakunja zokwanira kuti mafuta azipezeka mwezi ndi mwezi, dalaivala wa ku Thyolo adzapitiriza kusankha pakati pa kuimika galimoto lero ndi kuiononga pang'onopang'ono. Chimene chili m'manja mwake n'chochepa koma n'chofunika: fyuluta yeniyeni yosinthidwa panthawi yake, botolo loonekera m'kati loyezera dizilo, ndi kukana kugula chiwalo chodula chimene palibe wachiyeza.